Mtsuko wa Perpetua

Pali mawu amene afala m'mabanja mwathu: "Ingocita kuti akulu asakhumudwe, Mulungu amaona mumtima." Amanenedwa kwa mayi amene mwana wake wadwala, pamene agogo atulutsa cithumwa cakuti cimangidwe m'ciuno mwa khandalo, kapena pamene abale apangana zokaombeza ula. Ife tikuwakana mawu amenewa, ndipo mboni yathu ndi mayi woyamwitsa.

Perpetua Woyera anaphedwa ku Carthage, kumpoto kwa Africa, m'caka ca 203. Anali wa zaka ngati 22, wa m'banja lolemekezeka, ali ndi khanda kubere. Pogwidwa anali akadali mkatekumeni. Ubatizo anaulandira ali kale m'manja mwa boma. Cimene woweruza Hilarianus anafuna cinali kanthu kakang'ono: apereke nsembe yopemphera mafumu a Roma moyo wabwino, kenaka azipita kwawo.

Womukakamiza koposa anali atate ake omubala, ndipo ankacita izi mwa cikondi. Anampsompsona manja, anagwa pamapazi pake akulira, anamukumbutsa za imvi zawo, ndipo pa tsiku la mlandu anabwera atanyamula mwanayo. Perpetua anawamvera cisoni cacikulu, koma anali atawayankha kale. Anawaonetsa mtsuko umene unali pomwepo, nawafunsa ngati ungaitanidwe ndi dzina lina. Iyenso sangadziche dzina lina, koma Mkhristu. Kukadakhala kuti dzanja lingacite cina mtima ukukhulupirira cina, bwenzi mayiyu atakalamba mwamtendere pakati pa zidzukulu zake. M'malo mwake iye ndi Felicitas anaponyedwa m'bwalo la masewera, kwa ng'ombe yaikazi yolusa, natsirizidwa ndi lupanga. Maina awo timawamva m'Pemphero loyamba la Ukaristia.

Koma tisafulumire kudzudzula amayi athu okha. Felicitas, kapolo, anagwidwa ali ndi pakati, nabereka mwana wamkazi m'ndende, masiku ocepa asanaphedwe. Mwanayo sanasiyidwe: mayi wina wa mumpingo anamutenga namulera ngati wake. Ife tikauza mayi kuti akane cithumwa, kenaka n'kumusiya yekha usiku, khanda likutentha thupi, apongozi atamufulatira, tamutuma ku nkhondo wopanda mnzake. Yemwe ali ndi njinga m'mudzimo aitulutse usiku womwewo, ndipo wina amuperekeze mayiyo mpaka ku cipatala.