Nyimbo imodzi sachezera gule: mafilimu a Shemu Joyah

Akuluakulu adati nyimbo imodzi sachezera gule. Mwambiwu ndi umene ena amaponyera Shemu Joyah, katswiri wokonza mafilimu ku Malawi, pomunena kuti nkhani yake ndi imodzimodzi: mkazi wosauka apwetekedwa ndi mwamuna wachuma, avutika, kenako adzuka.

Odandaulawa sakunama kotheratu. Mu Seasons of a Life, Sungisa, mtsikana wantchito, apatsidwa mimba ndi bwana wake, aphunzira zamalamulo, nadzalimbirana mwana wake kukhoti. Mu The Road to Sunrise ya 2017, Rubia, woyendayenda wa ku Blantyre, nayenso akaima m'khoti atadziteteza kwa mpondamatiki wofuna kumugwirira. Kawiri konse bwalo la milandu ndilo limasula mfundo, ndipo woonera wochenjera amayamba kununkhiza mathero filimu ili pakati. Apa Joyah ayenera kumva.

Koma pakati pa mafilimu awiriwa pali The Last Fishing Boat ya 2012, imene onenawa amailumpha. Mwini nkhani ndi mwamuna, Yusufu, msodzi wa kunyanja amene nsomba zikumuthera, ulemu ukumuchoka, mwana wake akutsata ndalama za alendo odzaona malo, pomwe mzungu wina akuzembera mkazi wake wachitatu. Muno mulibe mngelo kapena mdyerekezi. Aliyense ali ndi chilonda chake. Wosowa nyimbo sakadapeka filimu yotere.

Chimene chimabwerezedwa ndi funso lakuti wopanda ndalama amatsala ndi ulemu wanji, ndipo funsolo n'loyenera kufunsidwa kangapo. Ngoma ya Angoni a Maseko ku Ntcheu imapondedwa mofanana chaka ndi chaka pa Umhlangano wa ku Nkolimbo, koma nyimbo zake n'zambiri, ndipo palibe amati gule watha ntchito. Akunja nawo sadatope naye Joyah: The Road to Sunrise idapambana pa mphoto za Africa Magic mu 2018, ndipo ndi filimu yoyamba imene Malawi adatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Chodandaulitsa n'chakuti mkanganowu umathera m'mizinda. M'nyumba zoonetsera kanema ku Lizulu, Tsangano ndi Kampepuza mwadzaza mafilimu akunja omasuliridwa m'Chichewa. Eni nyumbazi ndi ofalitsa mafilimu agwirizane, mafilimu atatu onsewa a Joyah aonetsedwe kumeneko, kuti anthu a ku Ntcheu aweruze okha.