Alamu anga ndi ka turbo kawo

Abale anzanga, sabata ino tisiye kaye zandale. Ndili ndi nkhani ya alamu anga a ku Liwonde, omwe agulitsa mbuzi zisanu ndi ziwiri mwezi uno chifukwa cha kachitsulo kosaposa papaya.

Chaka chatha mkuluyu adaitanitsa Daihatsu Move kuchokera ku Japan, kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi pa chipata cha Songwe. Tsiku lomwe idafika adandiimbira foni mawu ali m'mwamba. "Alamu, bwerani mudzaone! Ndi ya turbo iyi, Sienta ikumatsalira kumbuyo!" Mawa lake kagalimoto kadalowa pa siteji, Liwonde–Balaka, Balaka–Liwonde, ngati chitsulo choluka nsalu.

Tigalimoto timeneti ku Japan amatitcha kei. Lamulo la kumeneko, kuyambira 1990, limati injini yake isapose 660cc, ndipo mipando ndi ya anthu anayi basi, dalaivala ali momwemo. Ya alamu ndi injini ya KF-DET, ya mapisitoni atatu, 658cc, mphamvu yake 64 horsepower. Tangoganizani, mabotolo awiri a Fanta atsala pang'ono kudzaza mimba yake yonse. Nanga liwiro lija likuchokera kuti? Ndiye turbo ameneyo.

Nzeru yake ndi yakale, injiniya wa ku Switzerland, Alfred Büchi, adailembetsa mu 1905. Utsi wotentha ukamatuluka mu injini umazunguza kampupu. Kampupuko kali pa kamtengo kachitsulo kamodzi ndi kanzake komwe kamakankhira mpweya wochuluka m'mapisitoni. Mpweya ukachuluka petulo naye amapsa wambiri, ndiye kainjini kakang'ono kamakoka ngati kakakulu. Vuto lili pa kamtengo kaja. Kamazungulira kuposa ka 100,000 pa mphindi imodzi, m'kati motentha ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo chomwe chimakateteza kuti kasadyane ndi chitsulo chinzake ndi oyilo yekha. Oyilo yemwe mu injini yonse sakwana bwinobwino ngakhale malita atatu.

Apa ndi pomwe alamu adagwa nayo. Buku la galimotoyi, lomwe lili m'Chijapani ndipo adali kupukutira nalo galasi, limati ya turbo uzisintha oyilo pa makilomita 5,000 alionse kapena miyezi isanu ndi umodzi. Ikamagwira ntchito yakalavulagaga, m'fumbi, m'mitunda, limati pa 2,500. Tsono tiwerenge. Kuchoka pa Liwonde kufika pa Balaka ndi makilomita pafupifupi 30. Matiripi anayi opita ndi kubwera ndi 240 pa tsiku. Ndiye kuti masiku khumi kapena khumi ndi limodzi, oyilo wakwana. Alamu ankasintha akakumbukira, ati "akadali woyera uyu", atagwira ndi zala.

Komanso oyilo wake uti? Injinizi zimafuna wopyapyala, wa 5W-30, woti afike msanga pa turbo m'mawa mukangoliza. Koma pa galaja ina ya pansi pa mtengo, sinditchula, adawauza kuti kuno kumatentha, thirani 20W-50 yemwe timathira mu minibasi. Tsiku lina adaonjezera wa m'botolo la madzi akumwa wogula pa msika, wosadziwika mwini wake. Ine sindine makaniko, sukulu ndidalekezera Fomu 4, koma phala la mgaiwa silidutsa mu udzu womwera Sobo.

Za katundu ndiye musakambe. Kutsogolo atatu, kumbuyo asanu, kubuti thumba la mpunga ndi dengu la usipa wouma. Dzuwa la Okutobala lili pamutu, kagalimoto kakukwera mtunda wa ku Machinga boma kapena wopita ku Ntaja phazi lili pansi. Kufika pa siteji, kiyi thi! Pamenepo pampu ya oyilo yaima, koma turbo akadali wofiira. Oyilo wotsalira m'kapaipi amapserera ngati nsima ya pansi pa poto, mawa lake njira yachepa. Mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikulira pang'onopang'ono musanazimitse zikadathandiza, koma alamu ankati kumeneko n'kuotcha petulo.

Petulo naye ali ndi mbali yake. Nthawi yomwe mafuta ankasowa, mu 2022 ndi kumapeto kwa 2024, tonse tidaphunzira kugula a m'zigubu. Ena mwa a zigubuwa amasakaniza ndi palafini, ndipo injini ya turbo, yomwe imafinya mpweya kwambiri, ndi yomwe imayamba kugogoda. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa idayamba, ndipo ethanol amakoka madzi. Chigubu chogona panja usiku wa mvula, mukudziwa nokha.

Galimotoyo idawachenjeza, tisainamizire. Poyamba idayamba kuimba kamluzu ngati ambulansi ya patali. Kenaka oyilo adayamba kutsika sabata iliyonse popanda podontha. Kenaka utsi wabuluu. Alamu adangokweza wailesi. Idadzawathera mphamvu pafupi ndi pa Mangochi Turn-off, makasitomala n'kukwera kabaza, ena osalipira.

Chomwe chidandipweteka ndi cha pambuyo pake. Adagula turbo wina wakale ku Limbe, makaniko n'kumanga, koma kapaipi kobweretsa oyilo sadakatsuke, sadakasinthe. Masabata atatu sadakwane, wachiwiriyo naye adapita. Mbuzi zija zidathera pamenepo.

Ndiye ena andifunsa kuti, kodi tigalimoto ta turbo n'toipa? Ine ndikukana. Injini ya KF ili ndi tcheni m'malo mwa lamba wa timing, ndiye sikuvutitsani ndi zosintha lamba. Mphunzitsi kapena namwino woyenda ndi banja lake, wosintha oyilo ndi fyuluta pa nthawi yake, woona fyuluta ya mpweya pafupipafupi m'chilimwe, wothira coolant mu ledieta osati madzi a pamjigo, ayenda nayo zaka. Koma ngati cholinga chanu n'kunyamula anthu pa siteji, ndikadakonda mutagula yopanda turbo, kapena musonkhe ndalama zikwane ya injini ya 1500cc. Poitanitsa yang'anitsitsani: pa Move ndi Tanto mukaona zilembo za RS, dziwani kuti muli turbo. Ikafika, tsegulani boneti, mupeza kaledieta kena kakang'ono koziziritsa mpweya.

Lamulungu lapitali ndidakawaona alamu. Move ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku yayamba kuikira pa mpando wa dalaivala. Turbo wachitatu akuti ali m'njira, ndipo ulendo uno aitanitsa ndi kapaipi komwe. Ndisanatsanzike adandikokera pambali, mlongo wanga asamve.

"Alamu, inu odziwa Chizungu, tandilemberani pa pepala dzina la oyilo uja. Komanso ngati muli ndi kangachepe ka malita atatu, mwezi ukatha ndibweza."