Makina Ojambula Ubongo ndi Luso Lodzaza Mipata

Ife a m'chigwa cha Domasi, komwe minda ya mpunga imasunga madzi ndi udzudzu womwe, malungo a mu ubongo timawadziwa. M'chaka cha 2008, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina a MRI, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2015 anapeza kuti mwa ana 25 omwe anamwalira ndi matendawa, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Choncho nkhani ya makinawa ndi yathu.

Makinawa sajambula ngati kamera. Maginito ndi mafunde a wailesi zimachititsa kuti haidrojeni ya m'madzi a m'thupi itulutse zizindikiro. Makina amatapa zizindikirozo mzere umodziumodzi, kenaka kompyuta imazisandutsa chithunzi. Mizere ikachuluka nthawi imatalika, ndipo wodwala akagwedezeka chithunzi chimawonongeka. Mu 2007 Michael Lustig, David Donoho ndi John Pauly a ku Stanford anawonetsa kuti nkotheka kutapa zizindikiro zochepa, mwapatalipatali, kompyuta nkudzaza mipata yotsalayo ndi masamu. M'dziko la makina ochepa ndi odwala ambiri, njira yotere ndi yofunika, chifukwa mwana wokomoka sangadikire.

Komabe ife ophunzira zilankhulo tikudziwa kuti kudzaza mipata kumalira chidziwitso. Polemba Chichewa sitiwonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mawu oti "mtengo" angatanthauze wa mango kapena wa shuga kugolosale. Mwini chilankhulo sasokonezeka poti amadziwa nkhani yake, koma wongophunzira kumene amaphonya.

Masiku ano makina ena amadzaza mipata potengera zithunzi zambirimbiri zimene kompyuta inaphunzirapo. Funso langa ndi ili: zithunzizo ndi za yani? Ngati mwa izo mulibe ubongo wa mwana wodwala malungo, kompyuta ikhoza kusalaza chinthu chimene dokotala amafuna kuwona. Ena anganene kuti ubongo ndi ubongo basi, kulikonse. Inde, koma matenda amasiyana malinga ndi dera.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoko tikalandire. Koma njira zotapa mwachanguzi ziyesedwe kaye pa zithunzi za odwala a kuno, ndiponso sukulu zathu zaukachenjede ziphunzitse akatswiri odziwa kusiyanitsa chimene makina amva ndi chimene angoganizira. Mayi wa ku Domasi amene wanyamula mwana mpaka ku Blantyre ayenera kupatsidwa chithunzi cha mwana wakeyo.