Mwana wobadwa masiku asanakwane sangadikire ulendo wa ku Quelimane

Amayi ndi abambo amene mumamvera wailesi yathu, nkhani ya ana obadwa masiku asanakwane si yachilendo kuno kwathu. Lipoti limene bungwe la WHO linatulutsa mu 2012 linaonetsa kuti ku Malawi ana 18 mwa ana 100 alionse ankabadwa mimba isanakwane masabata 37, ndipo kuno ku Mozambique anali 16. Ife a ku Milange vutoli ndi lathu, kaya tili tsidya lino kaya tsidya ilo la malire a Muloza.

Alipo madotolo amene ntchito yawo ndi makanda odwala okhaokha. Pachipwitikizi dotolo wotere amatchedwa neonatologista. Munthu safika pamenepo msanga ayi. Amayamba waphunzira udotolo zaka 6, monga pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo, kenako amaphunzira matenda a ana kuti akhale pediatra, akatero amawonjezeranso maphunziro a makanda. Zaka zonse pamodzi zimapitirira 10.

Mwina mungafunse kuti sukulu yonseyi n'chifukwa cha kamwana kosafika ndi makilogalamu awiri omwe? Eya, poti kamwanako n'kovuta kukasamalira kuposa munthu wamkulu. Mapapo ake amakhala asanakhwime, ndiye amafota akamatulutsa mpweya. Thupi lake lilibe mafuta, limazizira msanga ngakhale kunja kukutentha. Mphamvu zoyamwira alibe, choncho shuga wa m'magazi amatsika mwakachetechete. Mankhwala ake amayezedwa potengera kulemera kwake, ndipo ngakhale mpweya wa okosijeni, umene timauona ngati moyo, ukachuluka umatha kumuononga maso. Khanda silinena pamene likumva kuwawa. Dotolo amaona yekha, pa kapumidwe ndi maonekedwe a khungu.

Vuto ndi lakuti madotolo a ana amapezeka kwambiri m'zipatala zikuluzikulu. Kuchoka kuno kukafika ku Quelimane kudzera ku Mocuba ndi makilomita opitirira 300. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre n'kufupiko, koma pali malire. Mwana amene akubanika pa ola loyamba sangapirire ulendo wotere.

Ena amati tipemphe boma litipatse katswiri wathuwathu. Ndingakondwere atabwera. Koma maganizo anga ndi akuti chofunika changu n'chakuti nzeru za akatswiriwa zifike kwa anthu amene ali nafe kale: anamwino a amayi ndi ana, aja timati ma ESMI, ndi ma técnico de medicina. Dziko lathu linachitapo zotere. Mu 1984, madotolo ali ochepa kwambiri, boma linayamba kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, ndipo mpaka lero amachita opaleshoni amayi ovutika pobereka m'zipatala za m'maboma. Nanga pa makanda chingalephereke n'chiyani?

Anzathu a ku Malawi anationetsa kuti n'zotheka. Pa Queen Elizabeth, madotolo monga Kondwani Kawaza ndi Elizabeth Molyneux, mogwirizana ndi yunivesite ya Rice ya ku America, anayesa makina otsika mtengo otchedwa Pumani, amene amakankha mpweya pang'onopang'ono kuti mapapo asafote. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti mwa ana 100 othandizidwa ndi makinawa 71 anapulumuka, pamene mwa amene analandira okosijeni yekha anapulumuka 44. Amene amayang'anira makinawa usiku wonse ndi anamwino ophunzitsidwa bwino.

Ndiye pali njira ya kangaru, imene ena amainyoza kuti ndi chithandizo cha amphawi, ati chipatala chenicheni chimaika mwana m'bokosi lagalasi. Dziwani kuti anaiyambitsa ndi dotolo wa ana, Edgar Rey, ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978. Kafukufuku wa m'mayiko asanu, kuphatikizapo Malawi, amene anatuluka mu 2021, anapeza kuti kuika kamwana pachifuwa pa mayi khungu ndi khungu katangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 WHO inalangiza mayiko onse kuti azitero. Komabe kangaru payekha sakwanira. Pamafunika namwino wodziwa kuyeza mwana tsiku ndi tsiku, kumumwetsa mkaka wa m'mawere wofinyira m'kapu kapena wodzera m'kachubu, ndi kuzindikira nthawi yomutumiza kuchipatala chachikulu. Abambo ndi agogo, nanunso mungathe kumuika mwana pachifuwa kuti mayi apumeko.

Choncho inu a m'makomiti a zaumoyo, mukakumana ndi akuluakulu a zaumoyo m'boma lino, afunseni kuti ndi anamwino angati amene anaphunzira kusamalira makanda odwala, ndipo pemphani kuti wophunzitsidwayo asamasamutsidwe kupita ku wodi ina asanasiyire mnzake luso.

Kunyumba nako, mwana asasungidwe m'chikuta ngati akukana kuyamwa, thupi lazizira kapena latentha, akupuma mothamanga, akukomoka, kapena maso ndi khungu zasanduka zachikasu. Muikeni pachifuwa, mumufunditse, mumuveke chipewa, mupite naye kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pali pakati pa usiku.