Nyimbo ya John Brown ndi bambo wa pa K2000

Nyimbo zina zili ngati jekete la pa kaunjika: walivala lero sadziwa amene anayamba kulivala. Chitsanzo ndi ija mumaimva masapota a Manchester United akuikuwa pa kanema m'mavidiyo shoo a pa Songani timu yao ikachinya. A Tottenham nawo amati ndi yao. Onsewa ndi ongobwereka, abale anzanga. Belo lake linamasulidwa ku America, ndipo nyimboyo dzina lake ndi John Brown's Body.

John Brown anali mzungu wodana ndi ukapolo koopsa. Mu October 1859 iye ndi anthu 21 anathira nkhondo nyumba yosungira mfuti za boma ku Harpers Ferry, cholinga nchakuti akapolo apeze zida adzimasule okha. Zinakanika. Anamgwira, ndipo pa 2 December chaka chomwecho anamnyonga.

Koma nyimboyi sinayambe ndi maliro ai. Mayimbidwe ake anali a nyimbo ya pa misonkhano ya chitsitsimutso. Mu 1861, nkhondo ya pachiweniweni itabuka, asilikali a ku Fort Warren ku Boston anali ndi mnzao, sajeni, dzina lake John Brown yemweyo. Ndiye mukudziwa nthabwala za asilikali: ankamseka kuti iwe ukuyenda bwanji poti unafa kale? Macheza aja anasanduka nyimbo yogubira, ndipo omva anaiwala za sajeni uja nkumaganiza za wonyongedwayo. Mai Julia Ward Howe anaisokanso ndi mau aulemu, nkutuluka mu 1862 ngati Battle Hymn of the Republic. Mu 1915 Ralph Chaplin anaipatsa mau ena a mabungwe a anthu apantchito, Solidarity Forever. Telala aliyense ndi msoko wake.

Mwina mukuti, nanga ife ogulitsa tomato ndi usipa zikutikhudza pati? Masulani mfundo ya chitenje muone K2000 kapena K500. Nkhope imeneyo ndi ya John Chilembwe, amene Joseph Booth anapita naye ku America mu 1897, nakaphunzira ku Lynchburg, Virginia. Mayesero a Brown anachitikiranso ku Virginia wa nthawi imeneyo. Chilembwe anabwerera mu 1900 nkuyambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, Chiradzulu.

Tsono tamvani kufanana kwake. Pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira atsamunda chifukwa cha thangata ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Gulu lina linapita kwa Livingstone ku Magomero, lina linalunjika nyumba yosungira mfuti ya Mandala ku Blantyre. Nawonso anapezako mfuti zochepa chabe, ndipo anthu ambiri omwe ankayembekezeka kudzuka sanadzuke. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa cha ku Mulanje.

Amene analumikiza anthu awiriwa polemba ndi George Simeon Mwase. Iyeyu ali m'ndende ya Zomba, pompano potsika ndi mseu wa M3, anamva nkhaniyi kwa Wallace Kampingo, mmodzi wa otsatira Chilembwe amene anali mkaidi momwemo. Mwase analemba kuti Chilembwe ankasimbira anthu ake za John Brown, munthu amene anadziwa kuti sapambana koma anamenyabe. Zolembazo zinasindikizidwa mu 1967 pa mutu wakuti Strike a Blow and Die.

Chondinyansa ine nchakuti Brown kwao anampekera nyimbo pasanathe zaka 2, pomwe kuno atsamunda anagumula tchalitchi cha ku Mbombwe, mtembo wa Chilembwe nkuukwirira mobisa. Tchuthi cha pa 15 January tinachipeza matipate ambiri atabwera, nthawi ya a Muluzi, patapita zaka pafupifupi 80.