Kamzere Koyera Kozungulira Mutu

Wojambula zithunzi mumzinda wa Tete akadula munthu pa chithunzi chakale ndi kumuika patsogolo pa mlatho wa Samora Machel, kawirikawiri mutu umatuluka ndi kamzere koyera kouzungulira, ngati wochokera kuchigayo. Mwini chithunzi akaona zotere amakana kulipira, ndipo salakwa.

Gwero lake ndi timadontho ta m'mphepete, timene tinasakaniza mtundu wa tsitsi ndi wa khoma lakale. Wodziwa ntchito amalowetsa mzere wodulira m'kati ndi kadontho kamodzi kapena tiwiri, apo ayi amagwiritsa ntchito Defringe mu Photoshop. Akapyola muyezo, makutu amadyeka. Akatha asunge mu PNG, poti JPEG imadzazanso kumbuyo konse ndi utoto.