Pakamwa pathu ndiye mpamba wa ogulitsa mandasi ku Durban

Lero tikambe za amayi ndi anyamata akwathu amene akugulitsa mandasi, zitumbuwa, samusa, mtedza wokazinga ndi chiponde kuno ku Durban, n'kumatipititsira pamene tili. Ambiri alibe shopu, alibe chikwangwani. Chimawagulitsira malonda ndi pakamwa pathu, pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ndiye ife tikuti pakamwa pamenepa ndi mpamba, tisaseweretse.

Taonani mmene oda imayendera. Dalaivala ali pamzere ku Bayhead Road kudikira kulowa padoko, thiraki sangaisiye, njala yamukwana. Amafunsa pagulu: "Ndani amabweretsa tiyi ndi mandasi kuno?" Mnzake amene anadyapo amaponya nambala. Zikafika zotentha, amajambula n'kuika pa sitetasi. Anzake a ku Maydon Wharf aona, amayi odzaoda katundu ku Victoria Street ndi ku Warwick aonanso. Nambala ija imakwera N3, kudutsa Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, moti wina akukwera basi ku Blantyre ali nayo kale m'foni. Wogulitsa sanalipire ngakhale randi imodzi yotsatsira.

Zimatheka chifukwa kuchilendo munthu sadya paliponse. Timakhulupirira amene tinagona naye pa boda, osati chithunzi chokongola cha munthu wosamudziwa.

Ena amati njira yachangu ndi kulipira Facebook kuti ionetse malonda kwa anthu ambiri. Kwa wogulitsa magalimoto mwina zimathandiza. Koma wa zitumbuwa adzaonedwa ndi anthu a ku Umhlanga amene sadziwa n'komwe kuti chitumbuwa n'chiyani, ndipo ngakhale ataoda, ya thiransipoti idya phindu lonse. Ndalama imeneyo bola mugulire mafuta atsopano okazingira, timabokosi tovundikira ndi data yoyankhira makasitomala msanga.

Enanso amatuma achibale kuti aziyamikira pagulu chakudya chimene sanalawe. Zimenezi sizikhalitsa. Gulu lathu n'laling'ono, timadziwana. Tikatulukira kuti woyamikirayo ndi mlamu wanu, ngakhale woyamikira zoona sitimukhulupiriranso, ndipo ogulitsa onse amapwetekeka.

Tisaiwalenso kuti njira imene mbiri yabwino imadzera ndi yomweyonso imene yoipa imathamangira. Mu October 2024 ana asanu ndi mmodzi anamwalira ku Naledi, ku Soweto, ndipo aboma anapeza kuti chinawapha ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa terbufos. Pa intaneti zala zambiri zinaloza ogulitsa ochokera kunja, osasiyanitsa. Pa 15 November 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza ndi malo onse okonzera chakudya alembetse ku khonsolo. Kuno khonsolo yake ndi eThekwini, ndipo malamulo a R638 a 2018 amafuna kuti malo ophikira chakudya chogulitsa akhale ndi satifiketi ya azaumoyo. Choncho kwa ife alendo, chithunzi chimodzi cha mafuta akuda bii kapena mphemvu m'bokosi sichigwetsa geni ya munthu mmodzi yekha. Chikhoza kuyatsira moto Amalawi onse apamalopo.

A chiponde nanunso samalani. Mu February 2024 mashopu akuluakulu muno anachotsa mitundu ingapo ya chiponde pamashelefu chifukwa cha aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha mtedza. Sankhani mtedza wanu, wofumbwa ndi wachuku tayani, osaumvera chisoni.

Ogulitsa, izi ndi zimene zimatichititsa kukutchulani kwa anzathu. Mukati mufika 7 koloko, fikani 7 koloko, chifukwa mzere ukasuntha dalaivala wapita. Mtengo wa pa sitetasi ukhale womwewo pofika. Lembani tsiku lophikira papaketi, ndipo za dzulo nenani kuti n'za dzulo. Mankhwala a makoswe asayandikire ufa. Musanaike uthenga wa kasitomala pa sitetasi mupempheni kaye, ndipo nambala yake ibiseni. Wina akadandaula, musamutukwane pagulu. Mubwezereni kapena musinthireni, adzakulengezani kuposa amene sanadandaulepo.

Ife ogula tilinso ndi mbali yathu. Tiyamikire chimene tadya, ndipo titchule chenicheni: zinafika nthawi yanji, zotentha kapena ayi, ndalama zingati. Pooda titumize lokeshoni ndi nambala ya thiraki, mnyamata asazungulire Bayhead yonse ndi chidebe. Tilipire pompo, kaya pamanja kaya pa Capitec, chifukwa "ndidzakupatsani ulendo wina" wagwetsa mageni ambiri. China chikalakwika tiyambe ku inbox. Pagulu tibwere pokhapokha wogulitsa wakana kumva, kapena ngati chakudyacho chingadwalitse ena, ndipo tibwere ndi umboni, osati "ndamva kuti".

Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Voisi noti imodzi yotumiza mutakwiya ikhoza kuchotsa lendi ya mayi wina ku Clairwood ndi fizi ya mwana wake ku Mangochi. Amene mukudziwa wophika zaukhondo komanso wosunga nthawi, mufunseni kaye, akalola mutchuleni pano ndi dera limene amafika. Muyende bwino pamsewu.